UConn: Geno wa zikho 12 akulandira zochepa kuposa Hurley wa zikho ziwiri, chilungamo chili pati?

Nachisale22
Anthu a basketball tandithandizeni, nkhani iyi ikundisowetsa mtendere. Ku University of Connecticut kuja ku America, UConn, Geno Auriemma wakhala kochi wa atsikana chiyambire 1985 ndipo watenga zikho 12 za NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji kumeneko, palibenso kochi wa basketball wa Division I, gulu lapamwamba la makoleji, amene anafikapo pamenepo, ngakhale John Wooden wa UCLA anathera pa 10. Dan Hurley wa anyamata anabwera mu 2018, zikho zake ndi ziwiri. Onse anasaina makontilakiti atsopano mu 2024. Geno madola 18.7 miliyoni pa zaka zisanu, Hurley madola 50 miliyoni pa zaka zisanu ndi chimodzi. Werengerani nokha, wina sakufika 4 miliyoni pachaka pamene mnzake akudutsa 8. Sukulu imodzi, bwalo limodzi, jezi yolembedwa dzina limodzi. Ndiye mundiuze kuti zimenezi zili bwino?

KembaStepback
Asisi, ndi msika umenewo. Mu June 2024 a Lakers anamuyikira Hurley madola 70 miliyoni pa tebulo iye nkukana. Munthu amene a Lakers akumuyimbira foni umamulipira basi apo ayi akuthawa. Nanga Geno akumulimbirana ndani ndi ndalama zoterozo?

Nachisale22
Ndiye kuti ntchito ya zaka 40 ilibe mtengo bola palibe wokulimbirana?

Chiphaliwali
Ine ndingopempha kuti pokweza Geno tisamupondereze Hurley. Zikho ziwirizo ndi zotsatizana, 2023 ndi 2024, ndipo otsiriza kuchita zimenezo anali a Florida mu 2006 ndi 2007. Magemu onse 12 a mipikisano iwiriyo anawina ndi mapointi oposa 10, panalibe yoti munthu ugwire pamtima. Amene munaonera ya Illinois ija mukukumbuka, UConn inagoletsa mapointi 30 motsatizana anzawo osaponyamo olo kamodzi. Fainolo San Diego State anadya 76-59, chaka chinacho Purdue 75-60 ali ndi Zach Edey wawo wamtali uja. Kumbali ya anyamata matimu oti angatenge chikho amakhala ambiri, ukangogona gemu imodzi wapita. Sizophweka ayi.

Mbumba_Hoops
Palibe wanena kuti ndi zophweka. Funso ndi loti 12 ichepa bwanji pamaso pa 2.

Ankolo_Hartford
Ana anga ndiloleni ndiyankhuleko poti ine ndimakhala konkuno ku Connecticut. Choyamba dziwani kuti Storrs kumene kuli sukuluyi ndi kumudzi, kuchoka mu Hartford umayenda mphindi 30 kapena 40 pagalimoto kudutsa m'nkhalango, ukafika ukuona ng'ombe za mkaka za sukulu yomweyo zikudya pa phiri, inayambatu ngati sukulu ya zaulimi. Geno atafika mu 1985 timu ya atsikana inali isanachitepo chilichonse chooneka, chaka chake choyamba anawina magemu 12 nkuluza 15. Jim Calhoun anabwera chaka chotsatira kudzatenga anyamata, nawonso anali pansi mu ligi yawo ya Big East. Gampel Pavilion, bwalo lawo lolowa anthu pafupifupi 10,000, anatsegula mu 1990. Ndiye madala awiriwa anakwera limodzi ngakhale zimadziwika kuti sankamwerana madzi kwenikweni.

Koma chikho choyamba chinabwera ndi atsikana. 1995, Rebecca Lobo ndi anzake, magemu 35 osaluza olo imodzi, fainolo anagonjetsa Tennessee ya Pat Summitt 70-64. Anyamata anadikira mpaka 1999 pamene anagwetsa Duke 77-74. Chaka chomwecho cha 1995 aphungu a boma la Connecticut anavomereza madola 1 biliyoni okonzera yunivesiteyi, pulogalamu ya UConn 2000, ndipo anthu akuno ambiri amakuuzani kuti chisangalalo cha timu ija chinathandiza kufewetsa mitima ya andale.

Chimene ndimafuna mudzaone ndi maso ndi anthu obwera ku gemu ya atsikana. Kunja kuli chisanu choopsa koma agogo aakazi atsitsi loyera ali pa mzere atagwira zidzukulu padzanja, ena ali ndi ndodo, avala majuzi akale olembedwa 1995. Anayamba kuwaonera pa TV ya boma ya CPTV kalekale ndipo amadziwa mtsikana aliyense, kwawo, kosi imene akuphunzira, bondo limene linavulala. Munthu woti abwere kuno nkumanena kuti timu ya atsikana ndi yongoperekeza amuseka.

KembaStepback
Ankolo zonsezo ndikuvomera, koma agogowo si amene amalipira kochi. Amalipira ndi a TV.

Akawuntanti_265
Kemba wakhudza penipeni, tiyeni tiike manambala. Mpikisano wa anyamata uja, CBS ndi Turner amalipira NCAA ndalama zoposa madola 1 biliyoni pachaka, mgwirizano wake ukufika 2032. Wa atsikana uli ndi ESPN, anasainirana mu 2024, madola 920 miliyoni pa zaka zisanu ndi zitatu koma ndalamayo ndi ya mipikisano 40 ya masewera osiyanasiyana, gawo la basketball ya atsikana analiwerengera 65 miliyoni pachaka. Ndiye apa biliyoni apo 65 miliyoni.

Chinanso chimene ambiri sadziwa ndi ma unit. Kumbali ya anyamata gemu iliyonse imene timu yasewera mu mpikisanowu imabweretsa pafupifupi madola 2 miliyoni ku ligi yake, amapereka pang'onopang'ono pa zaka zisanu ndi chimodzi, ligi nkugawira masukulu. Kwa atsikana kunalibe zimenezi mpaka 2025. Tangoganizani, zikho 11 zoyamba za Geno sizinabweretse unit olo imodzi. Bwana wa zamasewera pa sukulu akamakhala pansi kugawa bajeti amayang'ana kumene kukuchokera cheke. Sindikunena kuti ndi chilungamo, ndikungonena mmene ndalama imayendera.

Mbumba_Hoops
A Akawuntanti mwatipatsa manambala abwino koma mwaima pakati. Anapanga malamulo amenewo ndani? Si NCAA yomweyo? Kwa zaka zambiri mpikisano wa atsikana ankaugulitsa mophatikiza ndi masewera ena oposa 20 pa madola 34 miliyoni okha pachaka. Zili ngati munthu wagulitsa ng'ombe pamodzi ndi nkhuku pa mtengo umodzi kenako akuuza anthu kuti ng'ombe ija ndi yotchipa. Atafufuza mu 2021 akatswiri ananena kuti mpikisanowo paokha ungagulidwe pakati pa 81 ndi 112 miliyoni pachaka.

Ndipo kafukufukuyo anachitika chifukwa cha manyazi. Nthawi ya Covid anyamata onse anawasonkhanitsa ku Indianapolis, atsikana ku San Antonio. Sedona Prince wa timu ya Oregon anajambula kavidiyo kuonetsa jimu imene anawapatsa, kashelefu kamodzi ka tizitsulo tonyamula ndi timphasa ta yoga, pamene anyamata anali ndi chipinda chachikulu chodzaza makina. Akuluakulu anayamba ndi kunena kuti malo anachepa, mtsikanayo anangotembenuza foni kuonetsa chimalo chopanda kanthu pambali pomwepo. Kuchokera apo ndi pamene matimu a atsikana anawonjezeredwa kufika 68 ngati anyamata, mu 2022. Ndiye msika mukunenawo unachita kupangidwa ndi anthu okhala m'maofesi, sunagwe kuchokera kumwamba.

DunkMaster_BT
Tinene zoona, basketball ya akazi siikoma. Palibe ma dunk, liwiro lochepa. Anthu amalipira chimene chikuwasangalatsa.

Nachisale22
Fainolo ya 2024, South Carolina ndi Iowa, anaonera anthu pafupifupi 19 miliyoni. Ya anyamata, UConn yomweyi ndi Purdue, sinafike 15 miliyoni. Onsewo amaonera zosakoma?

DunkMaster_BT
Anali Caitlin Clark wa Iowa ameneyo. Atachoka mu 2025 zinatsika kufika 8 miliyoni ndi theka.

Mbumba_Hoops
Ndipo mu 2022 matimu omwewo a fainolo ya 2025, UConn ndi South Carolina, sanafike 5 miliyoni. Kuchoka pa 5 kufika pa 8 ndi theka popanda Clark ndi kutsika kumeneko?

PointGadi
DunkMaster, unaonerapo gemu yathunthu kapena umangoona tizidutswa pa TikTok? Ndikufunsa mwaulemu. Ine ndimaphunzitsa ana a sekondale basiketi madzulo ndipo ndikafuna kuwaonetsa mmene mpira umayendera ndimawaikira atsikana a UConn. Ringi ndi yofanana, mafiti 10, mpira wawo ndi wocheperako pang'ono, amasewera makota anayi a mphindi 10 pamene anyamata a ku koleji akadali pa mahafu awiri a mphindi 20. Poti ambiri safika pamwamba pa ringi amadalira kupatsirana ndi kuthamanga opanda mpira. Taonerani fainolo ya April 2025 ku Tampa, Sarah Strong mwana wa chaka choyamba akulandira mpira pafupi ndi mzere wa free throw, sakuthamangira kuponya, akudikira kaye mnzake adutse kumbuyo kwa omutchinga nkumuponyera pansi mpira nkudunda kamodzi kulowa m'manja. Anamaliza ndi mapointi 24 ndi ma rebound 15, Azzi Fudd 24, Paige Bueckers 17, South Carolina ya Dawn Staley kugwa 82-59. Ana anga palibe amene adzadunke, koma pasi imene ija atha kuiphunzira.

Mwana_wa_Ndirande
Gemu imeneyo inayamba 9 koloko usiku nthawi ya kuno Lamulungu, tinaonera pa foni anthu anayi bando ikutha. Pamene Paige amatuluka nkumukumbatira Geno akulira ine misozi inalengeza. Mtsikana uja anavutika, bondo linamukhalitsa pansi sizoni yonse ya 2022-23. Za anyamata zimayamba cha m'ma 3 koloko mbandakucha Lachiwiri, kuntchito umapita maso ali gwa.

Chiphaliwali
Koma pali funso limene mukulizemba. Timu yowina magemu 111 motsatizana, kuyambira 2014 mpaka 2017, ndi umboni wa ukatswiri kapena ndi umboni woti opikisana nawo kunalibe? Zisanachitike izo anali atawinanso 90 motsatizana. Breanna Stewart anakhala zaka zinayi natenga zikho zinayi. Kwa anyamata zimenezo sizingatheke masiku ano. Ndiye chikho chimodzi cha anyamata mwina chimalemera kuposa chimodzi cha atsikana a nthawi imeneyo.

Ankolo_Hartford
Achimwene, UCLA ya Wooden itawina 88 motsatizana ndi zikho 7 zondondozana palibe ananena kuti basketball ya amuna ndi yofooka, anati Wooden ndi katswiri. Komanso kumbukirani kuti 111 ija inathera pa Mississippi State mu Final Four ya 2017, ndime ya matimu anayi otsala, kamtsikana kakafupi Morgan William kanaponya belu likulira, 66-64, ndipo mu 2016 UConn inali itawamenya omwewo ndi mapointi 60. Anthu anapita kukakonzeka nkubwerera. Kuchokera 2016 Geno anakhala mpaka 2025 osaona chikho, anatenga ndi South Carolina, Notre Dame, Baylor, Stanford, LSU. Masukulu anayamba kuika ndalama kuti amupeze iyeyo. Opikisana nawo amene mukuwafunawo anawadzutsa ndi iye.

Dada_wa_Mzuzu
Pepani ndipatuke pang'ono, kodi mnyamata wa ku Tanzania wamtali uja sanali wa UConn?

KembaStepback
Hasheem Thabeet wa ku Dar es Salaam, eya. Anasankhidwa nambala 2 mu draft ya NBA ya 2009 ndi Memphis, kungoti kumeneko sizinamuyendere. Aku Africa adutsapo ambiri. Amida Brimah wa ku Ghana anali mu timu ya 2014, Samson Johnson wa ku Togo ali ndi zikho ziwiri, Adama Sanogo wa ku Mali ndi amene anasankhidwa wosewera bwino koposa mu Final Four ya 2023 ndipo ankasewera ali pa swaumu ya Ramadan. Emeka Okafor wa 2004 makolo ake ndi a ku Nigeria.

Mbumba_Hoops
Mwaiwala Jana El Alfy wa ku Egypt, anali mu timu yoyamba ya atsikana pa fainolo ya 2025, nayenso anadutsa mu Ramadan mpikisano uli mkati.

Dada_wa_Mzuzu
Nkhani yonseyi ikundikumbutsa ma Queens athu. Anafika nambala 5 padziko lonse mu 2007, Mwai Kumwenda anasankhidwa wosewera bwino koposa pa World Cup ya 2015, koma tikayamba kukamba za ndalama za masewera aliyense amathamangira ku mpira wa miyendo.

Mwana_wa_Ndirande
Imeneyo tikaiyamba sitigona dada, itsegulireni yakeyake.

NaBanda_Shooter
Ine ndibwerere ku funso la Nachisale ndi zimene ndinaziona ndekha. Ndinasewera basiketi pa koleji ina kwathu konkuno, dzina sinditchula. Bwalo linali limodzi la simenti. Anyamata ankatenga nthawi ya madzulo dzuwa litapepa, ife ankatiuza kuti tibwere 1 koloko masana simenti ikuwotcha mpaka kudutsa mu nsapato. Ma jezi athu anali amene anyamata anasiya, aakulu m'khwapa moti timachita kumanga ndi mapini ndi kuvala sikipa mkati. Tsiku la ulendo basi ikachepa otsala tinali ife. Kenako pakutha pa chaka akuluakulu omwewo nkumati atsikana mulibe chidwi, taonani simukuwina.

Nchifukwa chake ine za malipiro a Geno sizindipweteka kwambiri, bamboyo ndi wolemera kale. Chimene ndimasirira ku UConn ndi nyumba yochitira ma training imene anatsegula mu 2014, Werth Champions Center. Muli mabwalo awiri, lina la anyamata lina la atsikana, palibe wodikira mnzake kuti amalize. Mtsikana akafuna kukaponya mipira 5 koloko m'mawa chitseko chimatseguka. Lamulo lawo la Title IX la 1972 limakakamiza sukulu yolandira ndalama za boma kuti isasiyanitse pa zinthu ngati zimenezi, zipangizo, maulendo, ma scholarship. Kwa ine chilungamo chimayambira pamenepo, pa wosewera. Za makochi zibwere pambuyo.

Nachisale22
Asisi NaBanda ndakumvani ndipo zandikhudza. Koma malipiro a kochi amaonetsanso mtengo umene sukulu yaika pa timuyo. Mtsikana amene akusankha kukhala kochi mawa akuona manambala omwewa.

PointGadi
Apo mwakhudza china. Geno ndi mwamuna, wobadwira ku Italy nkukulira ku Pennsylvania. Amene wakhala pambali pake kuyambira tsiku loyamba mu 1985 ndi mayi, Chris Dailey, zikho zonse 12 analipo, ndipo osewera akale amanena poyera kuti mwambo wa timuyi, kavalidwe, kupereka moni kwa anthu, kusunga nthawi, amaugwira ndi iyeyo. Title IX isanabwere matimu a akazi oposa 90 pa 100 aliwonse ankaphunzitsidwa ndi akazi, ndalama zitangolowa amuna anathamangirako mpaka akazi anatsika kufika pansi pa theka. Ndiye tikamamenyera kuti Geno alandire ngati Hurley tidziwe kuti tikumenyera mwamuna kuti afanane ndi mwamuna mnzake. Ine ndingakonde kumva kuti Dailey akulandira zingati poyerekeza ndi othandizira a Hurley.

KembaStepback
Mfundo imeneyo ndiye yandigwira, sindinaiganizepo.

Koma ndiloleni nditetezebe anyamata pang'ono, poti mu gulu muno zikuoneka ngati iwo anangopatsidwa. Mu 2011 Kemba Walker anawina magemu asanu pa masiku asanu ku Madison Square Garden, ya Pittsburgh ija anabwerera m'mbuyo womutchinga nkugwa pansi mpira nkulowa nthawi ikutha, kenako anawinanso asanu ndi limodzi nkutenga chikho. Mu 2013 analetsedwa kulowa mpikisano chifukwa cha magiredi a m'kalasi, osewera ena anathawa, Shabazz Napier anatsala ndipo chaka chotsatira anatenga chikho ali seed 7, kutanthauza kuti anaikidwa pa nambala 7 m'gulu lawo poyamba mpikisano, kugonjetsa Kentucky 60-54. Mawa lake atsikana anaswa Notre Dame 79-58 nkumaliza sizoni 40-0. Zinachitikanso mu 2004, Okafor ndi Ben Gordon Lolemba, Diana Taurasi Lachiwiri. Palibe sukulu ina ya Division I imene inatengapo zikho zonse ziwiri chaka chimodzi, iwowa anachita kawiri. Ine sindiona chifukwa chowayambanitsa.

Mbumba_Hoops
Sitikuwayambanitsa ife, ikuwasiyanitsa ndi cheke.

Akawuntanti_265
Pali chinanso chimene chimathandiza atsikana koma chochokera pa chinthu chowawa. Mnyamata waluso amakhala chaka chimodzi nkupita ku NBA, ngati Stephon Castle, anatenga chikho mu 2024 basi wapita ku San Antonio Spurs. Hurley amamanga timu yatsopano pafupifupi chaka chilichonse. Mtsikana wa ku America kuti alowe WNBA, ligi yaikulu ya akazi, amayenera kufika zaka 22 kapena kumaliza sukulu, komanso ndalama zake zinali zoti sungathamangire, Paige anasankhidwa nambala 1 ndi Dallas Wings mu 2025 koma malipiro a chaka choyamba sanafike madola 80,000. Ndiye amakhala zaka zinayi, ena zisanu, masapota nkuwazolowera ngati ana awo, timu nkumvana. Agogo a Ankolo aja amawadziwa maina chifukwa cha chimenechi.

NaBanda_Shooter
Ndipo kuyambira 2021 pamene analola osewera kupanga ndalama ndi dzina lawo, Paige anasaina ndi Gatorade ndi Nike akadali pa sukulu. Makampani sanafunse kuti amadunka kapena ayi.

Chiphaliwali
Chabwino, nanga mukufuna chichitike nchiyani? Amuchotsere Hurley kapena amuwonjezere Geno 4 miliyoni? Sukuluyo ndi ya boma, ndalama zina zimene zimathandiza zamasewera zimachokera ku thumba la yunivesite ndi ma fizi a ana.

Nachisale22
Asamuchotsere aliyense. Koma pamene ESPN idzabwerenso pa tebulo mpikisano wa atsikana ugulitsidwe paokha, tione mtengo wake weniweni. Ma unit anayamba ndi thumba la madola 15 miliyoni okha, akwere. Zikatero Kemba adzabwere ndi nkhani yake ya msika ndidzamumvera.

Akawuntanti_265
Ndipo nkhondo yeniyeni panopa yasamukira kwa osewera. Kuyambira July 2025 khoti linalola masukulu kulipira osewera mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni pa sukulu m'chaka choyamba. Ndalama zolipira osewera akale pa mlandu womwewo anazigawa motere, pafupifupi 75 pa 100 ku American football, 15 ku basketball ya anyamata, 5 ku basketball ya atsikana, yotsalayo masewera ena onse, ndipo masukulu ambiri akuluakulu akutengera kagawidwe komweko. Ku UConn football si imene inamanga dzina, ndiye ali ndi mpata wogawa mosiyana ndi anzawo.

NaBanda_Shooter
Apo ndiye pamene ndikufuna kudzaona. Ngati Sarah Strong azilandira gawo limodzi pamene mnyamata wokhala pa benchi akulandira magawo atatu, mabwalo awiri aja sakwanira.

DunkMaster_BT
PointGadi, gemu ya Tampa ija ilipo yonse pa YouTube? Ndikufuna ndione pasi ukunenayo.

PointGadi
Saka UConn South Carolina 2025 uipeza. Uyambire kota yachitatu, ndipo usamayang'ane amene ali ndi mpira, uziyang'ana Fudd mmene akuzungulira kumbuyo kwa anzake asanalandire.